Analimata a Mimba Imodzi

Padangokhalatu, ndipo amene tili naye limodzi avomere. Koma ndineneretu, wofuna kuseka akasekere kwina, chifukwa ya lero ndi yowawa.

Kudagwa chilala cha zaka zitatu. Madzi adatsala pa kasupe mmodzi yekha, kunsi kwa thanthwe, ndipo pa kasupepo padadzipinda Mfumu Mphiri. Mphiri sadali wolusa pakamwa ayi. Ankalankhula ngati akukupepesa, ndipo lamulo lake adalinena uku akuyasamula: mtundu uliwonse wakumwa madzi ake uzipereka mwana mmodzi mwezi ukaoneka. Ana operekedwawo sankabwerako. Kumene ankapita aliyense ankakudziwa, poti m'dziko lonselo mimba ya mfumu yokha ndiyo inkakula.

Masiku amenewo analimata sadali ofanana monga mukuwaonera pakhoma lero. Adali mitundu itatu. A pathanthwe adali ambiri, amawangamawanga, zala zawo zophwatalala zomata pamwala. A m'khungwa, okhala kuseri kwa makungwa a mitengo youma, adali oderapo, a mizere kumsana. A mumchenga adali ofiirira, zala zawo zowonda zokumbira mauna. Kukwera sankatha ngakhale pang'ono, koma mawu ndiye adapatsidwa. Dzuwa likapendeka aliyense ankakhala pakhomo pa una wake n'kuitana, mnzake n'kuyankha kutali, ndipo ndi mmene ankapezerana.

Akuluakulu ankati makolo a mitundu itatuyi adachokera kumodzi, koma adasiyana njira kalekale, mpaka wa pathanthwe akakwatira wa mumchenga mazira ankangosukusa. Chidatsala pakati pawo chidali chimodzi: ankaikirana maliro. Paja mbale sakumba manda a mbale wake, sasambitsa mtembo wake, saunyamula. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, anthu a magazi ena. Ndiye wa mumchenga akafa, a pathanthwe ndiwo adali adzukulu ake. Wa pathanthwe akafa, a mumchenga ankabwera kudzakumba.

Lamulo la Mphiri lidadya a mumchenga kuposa onse, poti adali ochepa kale. Pofika chaka chachitatu adatsala atatu: Zagwa, mlongo wake Tiferanji, ndi mwana wamkazi wa Tiferanji, dzina lake Mwatitha. Ana asanu a Tiferanji adali atapita kale kwa mfumu. Mwezi ukubwerawo udali wa Mwatitha.

Tsono Zagwa ameneyu adali kanthu kowonda, kamaso gwa, kodya za pakamwa. Chibadwire sadakumbepo una wakewake. Ankangonyengerera anzake mpaka amukumbire, iwo n'kumathokozanso. Koma mwini mbumba adali iyeyo, wina padalibe.

"Achimwene," adatero Tiferanji tsiku lina, "mwezi watsala masiku asanu ndi limodzi."

"Nanenso ndikuwerenga, mlongo wanga."

"Anthu amati ndinu ochenjera. Mudadya ngumbi za a Gulo kawiri konse osagwidwa. Ana anga asanu apita inu muli chichenjerere. Uyu akapitanso, nzeru zanuzo mudzalowe nazo m'manda."

Mawuwo adamulasa Zagwa, chifukwa adali oona. Mawa lake adapita kukaitana akuluakulu a mitundu iwiri ija. Wolankhulira onse adali Chalendewera, nkhalamba ya a pathanthwe, yomwenso inkatsogolera adzukulu.

"A Chalendewera, mfumu imadya analimata angati pamwezi?"

"Ukufunsa ngati mlendo. Atatu."

"Nanga tikadakhala mtundu umodzi?"

Nkhalamba idamuyang'ana nthawi yaitali. "Mmodzi."

"Basitu. Mwezi uno a pathanthwe, mwezi wamawa a m'khungwa. Aliyense azipumako mwezi umodzi, amayi azionako ana awo akukula."

"Nanga inu a mumchenga?"

"Ife tatsala ndi kamodzi kokha. Ine ndipereka khosi langa. Bodza ndikalinena ndine, mayeso akabwera ndikawathetsa ndine."

"Wochenjera iwe," idatero nkhalamba, "ukupulumutsa wako ndi ana athu." Komabe idawerenga pa zala zake zophwatalala zija, n'kuona kuti kulira mwezi wina n'kupuma mwezi wina kuposa kulira mwezi ndi mwezi. Idavomera uku ikupukusa mutu.

Zagwa adawatengera onse pa lupsa, pamene moto udapsereza udzu, n'kuwauza kuti agubuduke m'phulusa. Mawanga adazimirira, mizere idazimirira, kufiira kudazimirira. Onse adadzuka ali mbuu, moti amayi ena adayamba kufunsa kuti mwana wawo ndi uti. Kenaka adawaphunzitsa nyimbo. Iye ankatsogolera, kunena za mayi mmodzi amene adabala onse, anzake n'kuvomera kuti phulusa lawo ndi limodzi ndipo ludzu lawo ndi limodzi, uku akumenya michira pansi. Mawu adali atsopano, koma kaimbidwe adakaba ku nyimbo yakale ya maliro, n'kungokafulumiza. Achinyamata ankavina osadziwa kanthu. Nkhalamba zokha ndizo zidazindikira kumene kaimbidweko kadachokera.

Adapita kwa mfumu akuimba choncho.

Pambali pa Mphiri padakhala nduna yake, Nanzikambe, woyenda ngati pansi pali minga, diso lina kutsogolo lina kumbuyo. Ameneyu ndiye ankasunga lamulo, poti mfumu inkangogona.

"Zikomo, gogo chalo," adayamba Zagwa atawomba m'manja. "Tabwera kudzadandaula. Mwakhala mukutenga atatu kwa ife, chikhalirecho ndife mtundu umodzi. Tayang'anani nokha."

Mphiri adatsegula diso. "Zoonadi, akufanana. Pepanitu ngati ndakhala ndikudya mopitiriza."

"Za kusintha khungu musandiuze ine," adatero Nanzikambe pang'onopang'ono. "Iwe Zagwa, ukuti mtundu umodzi?"

Apa ndi pamene pakamwa padamuthamangira Zagwa. Akadangoti inde, bwenzi zitathera pomwepo. Koma munthu wozolowera kuthira mchere sadziwa polekezera.

"Osati mtundu wokha, a Nduna. Mbumba imodzi, mimba imodzi. Onsewa ndi abale anga a magazi."

"Mimba imodzi," adabwereza Nanzikambe. "Ndamva, ndipo ndasunga."

"Muwayese, nduna," adatero Mphiri akutsinzina. "Zikakhala zoona, mmodzi pamwezi akwana. Likakhala bodza, kaja kakubisala kumbuyo kwa wolankhulayu ndidzayambira komweko, tsiku lomwelo." Kobisalako kadali Mwatitha.

Mayeso oyamba adali okwera. "A mimba imodzi amayenda mofanana," adatero Nanzikambe. "Mawa dzuwa lili pamutu, nonse mukwere thanthwe ili mbali yake yosalala."

Zagwa adakaba ulimbo umene osaka adatchera mbalame, n'kupaka zala zake, za mlongo wake ndi za Mwatitha. Pamwamba pake adawaza phulusa. Adayamba kukwera pakati pa gulu, nyimbo ili pakamwa. Koma mwala udali utatentha, ulimbo n'kuyamba kusungunuka. Mwatitha adaterereka, ndipo Tiferanji adamuwakha n'kumubereka. Kulemera kwa awiri kudakanikiza zala zake pamwala wamotowo, moti phazi lililonse polinyamula linkasiya khungu pomwepo. Zagwa adamva mlongo wake akubuula. Adakweza nyimbo, anzake n'kuvomera mwamphamvu za phulusa ndi ludzu, kubuula kuja kudamira m'menemo.

Adafika pamwamba onse. Nanzikambe adayang'ana timadontho tofiira pathanthwe.

"Magazi awa ngayani?"

"A tonsefe, a Nduna," adayankha Zagwa. "Si ndanena kuti magazi athu ndi amodzi?"

Mwezi udaoneka, mfumu idalandira mmodzi yekha, wa pathanthwe. Mwatitha adatsala.

Mayeso achiwiri adali a mawu. "A mimba imodzi amalira mofanana," adatero Nanzikambe. "Mawa dzuwa likapendeka, aliyense adzalire payekha pamaso panga."

Apa padali povuta, chifukwa mtundu uliwonse udali ndi kaliridwe kake, ndipo ka a mumchenga ngakhale gonthi ankakadziwa. Zagwa adatola timiyala tating'ono tosalala n'kugawira aliyense kamodzi, kuti akaike kunsi kwa lilime. Kulankhula ankalankhulabe, ngakhale molemera, koma kuitana kwa pakhosi kuja kudafa. Woyamba adabwera: tse, tse, tse. Wachiwiri chimodzimodzi. Mpaka wotsiriza, onse tse, tse, tse, ngati mayi akutsonya.

"Iwe Zagwa," adatero Nanzikambe, "si iwe unkandisokosa madzulo aliwonse? Mawu ako aja apita kuti?"

"Ludzu, a Nduna. Lidandiwotcha pakhosi."

"Lipitirize kukuwotcha. Ine ndimakhala panthambi osaoneka, ndipo makutu ndili nawo."

Ndiye timiyala tija sitidalavulidwe. Zagwa adalamula kuti aliyense agone nako, adye nako. Adabwerera kwawo akuimba nyimbo yawo ija, koma tsopano inkatuluka yophwanyika. Mwatitha adali pa msinkhu woti aphunzire kuitana kwa mtundu wake. Madzulo ena adakhala pakhomo pa una n'kunena kuti, "Amayi, mungondimvetsako kamodzi, pang'onopang'ono." Tiferanji adayang'ana kunthambi n'kupukusa mutu.

Mwezi udaonekanso, mfumu idalandira wa m'khungwa. Mwatitha adatsalanso.

Zagwa adapita kwa nduna yekha. "Nanga mayeso achitatu ndi ati, a Nduna? Nenani, tili okonzeka."

"Mayeso atha," adayankha Nanzikambe. "Ine tsopano ndingodikira."

Zagwa adachita mantha kuposa kale, chifukwa msampha wouona umatha kuulambalala. Mawa lake adapeza nduna itakwera kamtengo kouma pafupi ndi una wa Tiferanji. Inkangokhala, diso limodzi lili pakhomo pa unawo.

Zilonda za Tiferanji sizidapole. Zala zidatupa, kukumba kudakanika, kusaka kudakanika. Zagwa, amene chibadwire sadasakirepo munthu, ankayenda tsiku lonse kufuna chiswe choti amudyetse, koma chiswe chomwe chidali chitathawira pansi. Mlongo wake adangotsala mafupa.

"Achimwene," adatero m'mawa wina, mawu ali pansipansi, "mwachita zimene ndidakupemphani. Mawu aja ndidakunenani, mundikhululukire."

"Usatero. Mvula ili pafupi, uchira."

"Kunama mukanamize nduna, osati ine. Ndikupempheni chimodzi. Ana anga asanu alibe manda. Ine mudzandiike bwino, adzukulu akumbe, anthu alire, pamwamba muikepo mwala. Mwatitha azidziwa pokalira."

"Ndidzatero," adalonjeza Zagwa.

Dzuwa lisanakwere, Tiferanji adatsirizika m'una mwake momwemo.

Uthenga udayenda mwakachetechete, koma maliro sabisika. Chalendewera adabwera ndi anyamata ake, atanyamula mitengo yokumbira monga mwa mwambo. Analimata onse adasonkhana. Mwatitha adatuluka mu una, chifuwa chikukwera n'kutsika, ali pafupi kuyamba kulira. Apo ndi pamene kunthambi kudamveka kutsokomola.

"Pepani ndithu," adatero Nanzikambe. "Ndikuona ngati pagwa zovuta. Ndingofunsa, adzukulu ndi ati?"

Nduna idapitiriza.

"Paja mudati ndinu a mimba imodzi. A mimba imodzi saikana, chimenecho ngakhale mwana amachidziwa. Ndiye amene agwire mtengo wokumbira, kapena kukhudza mtembo, ameneyo ndi wa magazi ena. Ine ndingomuona, ndipite kwa mfumu."

Chalendewera adatuma mnyamata wothamanga kukapempha a Buluzi ndi a Gulo. Adabwerako chimanjamanja. Onse adati udzukulu sapempha tsiku la maliro, ndi pangano la makolo, ndipo iwo sadadyepo kanthu pa maliro a nalimata. Nkhalamba idasendera kwa Zagwa n'kunong'ona.

"Nena iwe, mwini maliro. Ukati tikumbe, tikumba. Mlongo wako ameneyu adakumba nawo manda a mkazi wanga. Sindingamusiye ngati galu."

Zagwa adayang'ana una. Adayang'ana Mwatitha. Lonjezo la m'mawa lidali likadali lofunda pakamwa pake. Mtima wake udasweka pakati, ndipo ndikukuuzani, palibe tsiku limene adadana nako kuchenjera kwake ngati limenelo, chifukwa ngakhale pamenepo mutu wake udali utapeza kale njira.

Adatembenukira kunthambi n'kuseka.

"Maliro ati, a Nduna? Mlongo wanga wagona. Wakhala akudwala, lero wapezako tulo. Awa abwera kudzavina, kumusangalalira."

"Ndi mitengo yokumbira?"

"Ndi ndodo za gule."

"Chabwino. Nanga mwanayo, m'maso mwake mukulengeza chiyani? Pa gule salira. Ndikaona msozi umodzi wokha ukugwa pansi, ndidziwa kuti pali mtembo. Ndipo mtembo uyenera kuikidwa lero lomwe, dzuwa lake ndi ili."

Zagwa adamukokera Mwatitha pafupi. Misozi idali itadzaza kale, yatsala pang'ono kutsika.

"Nyambita," adanong'ona.

"Atsibweni, amayi anga..."

"Ndati nyambita maso akowo. Usagwetse ngakhale umodzi. Ukatero uvine."

Mwana adatulutsa lilime n'kunyambita diso lakumanja, kenaka lakumanzere. Adameza misozi ya mayi wake. Ena onse ataona adachita chimodzimodzi, mpaka Chalendewera yemwe.

Zagwa adakwera pamwamba pa una, pamene adadziwa kuti denga lake ndi lopyapyala, n'kuyambitsa nyimbo. Adanena za mayi mmodzi amene adabala onse. Gulu lidavomera za phulusa ndi ludzu, michira ikumenya pansi. Adawakodola kuti abwere pomwepo, pamwamba pa unawo, ndipo nkhalamba idamvetsa n'kukankhira anyamata ake kutsogolo. Adavina. Dzuwa lidafika pamutu akuvina, lidapendeka akuvina. Miyendo itatopa nyimbo idayamba kuchedwa yokha, mpaka idabwerera ku chimene idali poyamba, nyimbo ya maliro, ndipo aliyense adaizindikira. Koma palibe adaleka kupondaponda, palibe adagwetsa msozi. Malilime okha ndiwo ankangotuluka, kunyambita, kubwerera. Mwatitha adavina pambali pa atsibweni ake osawayang'ana.

Kenaka pansi padati fwaa. Denga la una lidatitimira, mchenga n'kudzaza mkati. Tiferanji adakwiririka popanda wokumba, popanda womusambitsa, popanda womulira. Adavinabe mpaka pamalopo padasalala, kuti pasaoneke ngati manda.

Nanzikambe adatsika pang'onopang'ono, monga mwa kayendedwe kake, n'kuima pamaso pa Zagwa.

"Palibe wakumba, palibe walira. Ndikauza mfumu kuti ndinu a mimba imodzi." Adayenda pang'ono, diso lakumbuyo likadali pa Zagwa. "Wapambana, mwana iwe. Koma ndakalamba chonchi sindidaonepo munthu akuvina pamutu pa mlongo wake."

Miyezi iwiri itapita mvula idagwa. Madzi adali ponseponse, ndipo palibenso amene adapita ku kasupe wa Mphiri. Lamulo lake lidangofa lokha, popanda wolithetsa. Analimata adathamangira pamvula kuti asambe, koma phulusa lidali litalowerera m'khungu. Adalavula timiyala, koma malilime adali atazolowera. A pathanthwe adabwerera ku miyala yawo, a m'khungwa ku mitengo yawo, onse ali mbuu chimodzimodzi.

Mwatitha sadalankhule ndi Zagwa chiyambire tsiku la gule lija. Mvula itakata adabwera n'kukhala patsogolo pake.

"Atsibweni, tsopano ndingalire?"

"Lira, mwana wanga."

"Ndikalirire pati?"

Adapita naye kumene kudali una. Mapazi a ovina adali atasalaza, mvula n'kudzamaliza. Kamtengo ka nduna kaja kadakokoloka. Zagwa adaloza apa, adaloza apo, adakumba pang'ono n'kusiya. Tsiku lonse adazungulira. Malo aja sadawapeze.

Mwatitha adayesa kulira pomwe adaimapo, koma msozi usanatsike lilime lidatuluka lokha n'kuunyambita. Adayesanso, chimodzimodzi.

"Chabwino," adatero. "Ndiphunzitseni kuitana kwathu. Amayi ankati mwina kutali kudatsala a mumchenga ena. Ndikaitana adzandiyankha."

Zagwa adakhala tsonga monga ankakhalira kale dzuwa likapendeka. Adakoka mpweya, adatukula khosi, adatsegula pakamwa. Chidatuluka ndi tse, tse, tse. Adayesa kachiwiri, kachitatu. Kuchokera kumiyala wa pathanthwe wina adayankha ndi mawu omwewo, kuchokera kumitengo wa m'khungwa adayankhanso.

Mwatitha adamvetsera mpaka onse adaleka.

"Mudandipulumutsa, atsibweni, sindikukana. Koma manda a amayi kulibe, mawu athu kulibe, khungu lathu kulibe. Munthu akandifunsa kuti ndine wa kwa yani, ndiziti chiyani?"

Mwatitha adanyamuka n'kulowa pakati pa analimata ena amene ankadutsa. Zagwa adamutsatira ndi maso, koma posakhalitsa sadathenso kudziwa kuti mwa otuwa onsewo wake ndi uti.

Ndiye inu mukamati analimata onse ndi amodzi, dziwani kuti bodza la Zagwa likugwirabe ntchito. Mudzagwire mmodzi muyang'ane zala zake, mudzagwire wina muyang'anenso, mudzaona. Ndipo mukadzamuona wina atangoti phee, akunyambita maso ake, musamuponye mwala. Ali pa maliro amene sadaloledwe kulira.

Yanga yathera pamenepa. Mbatata ija ili pamoto kaphuleni nokha, ine pakhosi pandiuma.